Google kapena Facebook: mmene wabizinesi wa ku Chipata angasankhire potsatsira malonda ake

Ndalama zotsatsira malonda pa intaneti zimatha msanga, ndipo zambiri zimathera pa chifukwa chimodzi: mwini bizinesi wasankha kotsatsira asanadzifunse kuti wogula wake amamupeza bwanji. Wina wamva kuti mnzake wa loji akulandira alendo kudzera pa Google, iye n'kuponya ndalama zake komweko pamene akugulitsa salaula ku Kapata. Wina akudina batani la Boost pa Facebook, lolipirira kuti zomwe waika zionekere anthu ambiri, mwezi ndi mwezi, koma amene angagule matumba mazana a nshawa zake ali ku Lusaka ndipo sakumuona n'komwe. Malangizo awa ndi a inu amene muli ndi sitolo, loji, saluni, galaja, shopu ya mbewu ndi feteleza, kapena bizinesi ina iliyonse kuno ku Chipata ndi m'maboma otizungulira, ndipo mwapatula kandalama koti muyesere.

Yambani ndi kumvetsa chimene mukugula

Pa Google munthu amabwera yekha. Walemba m'foni mwake kuti "lodge in Chipata" kapena "car hire Chipata to Mfuwe", ndipo pamwamba pa mayankho pakutuluka chilengezo chanu. Mumalipira akadina, asanadine simulipira. Mtengo wa kudina kumodzi sukhazikika, chifukwa nthawi iliyonse munthu akasaka, Google imapikisanitsa onse ofuna mawu omwewo, poyang'ana ndalama zomwe aliyense wavomera kulipira komanso mmene chilengezo chake chikugwirizanira ndi zomwe munthuyo walemba.

Pa Facebook ndi Instagram, zomwe zonse ndi za kampani ya Meta pamodzi ndi WhatsApp, munthu sanabwere kudzakufunani. Akuona zithunzi za ukwati wa msuweni wake, zotsatira za mpira, nkhani za ndale, kenaka pakati pa zonsezo n'kutulukira matiresi anu. Kumeneko kawirikawiri mumalipirira kuonetsedwa, kaya munthuyo waima kapena wapitirira.

Wa pa Google ali ngati munthu amene walowa ku Down Shops akufunsa kuti misomali ya malata ili pati, ndalama zili m'manja. Wa pa Facebook ali ngati mayi amene wakhala pakhonde masana, inu n'kudutsa ndi chitenje chokongola. Sanachifune, koma akhoza kukuitanani. Onsewa ndi ogula, koma salankhulidwa mofanana, ndipo si bizinesi iliyonse ili ndi onse awiri.

Funsani amene akugula kale

Musanalipire ngwee ngakhale imodzi, ikani kope pakauntala. Kwa masabata awiri, aliyense wogula kapena woimba foni mumufunse zinthu ziwiri: "Mwatidziwa bwanji, bambo?" ndi "Mwachokera kuti, amayi?" Lembani yankho pomwepo, musadalire kukumbukira madzulo. Uzaninso wogulitsa wanu kuti azifunsa. Pakutha pa masabata awiriwo kopelo lidzakuuzani zomwe katswiri aliyense wa intaneti sangakuuzeni: kuti ambiri anauzidwa ndi mnansi, kapena anaona pa status ya WhatsApp, kapena anamva pa wailesi, kapena anakupezani pa mapu a m'foni ali m'basi yochokera ku Lusaka.

Sankhani poyang'ana kumene wogula wanu ali

Apa ndipo pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo.

Munthu wa ku Mchini, Nabvutika kapena Kalongwezi akafuna womanga tsitsi, wokonza firiji kapena keke ya tsiku lobadwa, nthawi zambiri sayamba ndi Google. Amafunsa pagulu la WhatsApp la kutchalitchi, amalemba pagulu la Facebook la ogula ndi ogulitsa, kapena amafunsa mnzake wa kuntchito. Ngati anthu sakusaka, chilengezo cha pa Google chilibe woti chimuonekere. Izi mungazitsimikize nokha osalipira. Mu akaunti ya Google Ads, yomwe ndi yotsatsira pa Google, muli chida chotchedwa Keyword Planner. Lembanimo mawu amene mukuganiza kuti wogula angalembe, sankhani dera, ndipo chidzakuonetsani kuti mawuwo amasakidwa kangati pamwezi. Chikakuonetsani kuti ndi pakati pa 0 ndi 10, kapena osaonetsa kanthu, mwapeza yankho lanu. Mawu osakidwa kamodzikamodzi Google imawaimitsa yokha mpaka anthu atayamba kuwalemba.

Choncho ngati ogula anu ndi a m'tauni muno ndi m'makomboni, ndipo katundu wanu amakopa ndi maso, monga zovala, mipando, mafoni, makeke, nsapato, mapanelo a sola, njinga, yambani ndi Facebook yolumikiza ku WhatsApp. Ine ndimaona kuti mabizinesi ambiri a kuno ali m'gulu limeneli.

Palinso nkhani ya chilankhulo. Google Ads imalola zilengezo m'zilankhulo zomwe ili nazo pamndandanda wake, ndipo Chichewa mulibe, ndiye mudzalemba m'Chingerezi. Pa Facebook mungalembe monga mmene mumalankhulira ndi kasitomala pakhomo pa sitolo, m'Chinyanja chathu, m'Chinsenga ngati mukulunjika ku Petauke ndi Nyimba, m'Chitumbuka ngati ndi ku Lundazi. Uthenga wa m'chilankhulo cha kwawo umamuimitsa munthu chala chisanapitirire.

Koma Chipata ndi mzinda wa pamsewu, ndipo pali mabizinesi amene ogula awo sali kuno. Mlendo wopita ku South Luangwa amadutsa pano asanatenge msewu wa ku Mfuwe. Wochokera ku Lilongwe amalowera pa Mwami. Wogwira ntchito m'bungwe wotumidwa kuchokera ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 pa Great East Road, amafuna kudziwa kogona asananyamuke. Anthu amenewa alibe mnansi womufunsa, ndiye amalemba pa Google. Ngati muli ndi loji, galimoto zobwereketsa, holo ya misonkhano, ntchito yothandiza kuwolotsa katundu pamalire, galaja yokoka galimoto zowonongeka panjira, kapena mumagulitsa nshawa, soya ndi mpendadzuwa mochuluka kwa ogula a kutali, Google ndiyo yoyamba kuyesa. Osaka oterewa sachuluka, koma mmodzi akagula, ndalama yake imaposa ya anthu makumi angapo a pakauntala.

Ngati ogula anu ambiri ndi alimi a ku Vubwi, Chadiza kapena kumidzi ya Sinda, kumbukiraninso kuti si onse ali ndi foni ya intaneti, ndipo amene ali nayo amasunga bandulo. Musaleke chilengezo cha pa Breeze FM kapena Radio Maria chifukwa choti mwaphunzira Facebook. Yezani zonse m'kope lomwe lija.

Konzani zaulere kaye

Chilengezo chimangobweretsa munthu pakhomo. Akafika n'kupeza palibe womuyankha, ndalama yapita.

Lembetsani bizinesi yanu pa Google Business Profile. N'zaulere, ndipo ndizo zimachititsa kuti dzina lanu lituluke pa Google Maps. Ikani chizindikiro pamalo enieni pomwe pali sitolo, osati pakati pa tauni. Lembani nambala yomwe imayankhidwa, maola otsegulira, ndi zithunzi za kunja kwa nyumbayo kuti mlendo aizindikire. Google idzafuna kutsimikizira kuti bizinesiyo ilipodi, nthawi zambiri popempha kavidiyo kosonyeza malo ndi chikwangwani. Mukatha, pemphani makasitomala okhutira kuti alembepo ndemanga. Kwa loji yaing'ono kapena galaja, izi zokha zikhoza kubweretsa mafoni okwanira mpaka osafunikiranso kulipira chilengezo.

Kenako ikani WhatsApp Business pa nambala ya bizinesi. Dzazani katalogi ndi zithunzi ndi mitengo, konzani uthenga wolonjera umene umapita wokha munthu akalemba koyamba, ndi wina wonena nthawi imene mudzayankhe ngati mwatseka. Tsegulani peji ya bizinesi pa Facebook, chifukwa zilengezo zimayenda ndi peji, osati akaunti yanu ya abale ndi anzanu, ndipo ilumikizeni ndi nambala ya WhatsApp ija.

Werengani malire a ndalama musanayambe

Tiyerekeze kuti mumagulitsa matiresi pa K1,800 ndipo phindu lanu pa limodzi ndi K300. Tiyerekezenso kuti mwa anthu 10 amene amalemba kufunsa mtengo, mmodzi ndiye amagula. Ndiye kuti uthenga uliwonse ukakudyerani K30, phindu lonse lathera kotsatsa. Kuti mutsale ndi theka la phindu, uthenga umodzi usapose K15, kutanthauza K150 pa wogula mmodzi. Ikani manambala anu enieni m'malo mwa angawa ndipo lembani malire anu pachikuto cha kope. Amenewo ndiwo adzakuuzani ngati chilengezo chikugwira ntchito, osati kuchuluka kwa amene adina Like.

Kuwerengaku kumasonyezanso amene sayenera kutsatsa molipira. Ngati phindu lanu ndi K3 pa chinthu ndipo wogula sabweranso, palibe chilengezo chingabweze ndalama. Koma saluni kapena wogulitsa nkhuku amene kasitomala wake amabwera mwezi uliwonse awerengere phindu la miyezi ingapo, osati la tsiku loyamba lokha.

Polipira mudzafunika khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kugula pa intaneti. Funsani kubanki kwanu kuti alitsegulire zimenezo. Ngati akaunti yanu yotsatsira ikuwerengera m'madola, kwacha ikagwa bili imakwera ngakhale simunasinthe kanthu, ndipo banki ikhoza kuwonjezera kake posintha ndalama. Yang'ananinso pa risiti ngati awonjezerapo msonkho wa VAT, umene kuno ndi 16 peresenti. Langizo langa ndi loti khadi lotsatsira likhale la akaunti yosiyana ndi yomwe mumasungira ndalama za oda, muziikamo zokhazo zomwe mwakonzeka kuwononga. Pa Facebook palinso poika malire a ndalama zonse zomwe akauntiyo ingadye. Ikanipo tsiku loyamba.

Ngati mwasankha Facebook

Batani la Boost ndi losavuta, koma likakufunsani cholinga, musasankhe chofuna kuti anthu ambiri akonde kapena kuyankhapo. Makina a Meta amakupatsani ndendende chimene mwapempha. Mukapempha ma Like adzakupezerani anthu okonda kudina Like, ndipo ambiri a iwo sagula. Sankhani cholinga cha mauthenga, kopita kukhale WhatsApp. Mukazolowera, gwiritsani ntchito Ads Manager, chida cha Meta choyendetsera zilengezo, momwe muli zosankha zambiri.

Posankha dera, samalani ndi bwalo lomwe mumajambula pamapu. Malire a Mwami ali pafupi, ndipo bwalo lalikulu lozungulira Chipata lidzameza Mchinji ndi midzi ya ku Malawi. Ngati a kumeneko amabwera kudzagula kwa inu, zili bwino, alekeni. Ngati simungawatumizire katundu, chepetsani bwalolo, apo ayi mukhoza kumalipirira mauthenga ofunsa mtengo m'kwacha ya dziko lina. Zokonda za anthu musazipanikize kwambiri. Dera lathu ndi laling'ono kale, ndipo mukawonjezera zosefa zambiri mudzatsala ndi anthu ochepa omwe aziona chilengezo chomwecho tsiku ndi tsiku mpaka kutopa nacho.

Chithunzi chikhale cha katundu wanu weniweni, chojambulidwa masana m'sitolo mwanu. Anthu a kuno aona kale zithunzi zotengedwa pa intaneti ndipo amazikayikira. Lembani mtengo poyera. Chizolowezi chonena kuti wofuna mtengo abwere ku inbox chimadzaza foni yanu ndi anthu ongofunsa, ndipo chimathamangitsa wamanyazi amene akanagula. Nenaninso komwe muli potchula malo odziwika, ngati mumatumiza katundu pabasi ku Katete kapena Lundazi, ndiponso ngati mumalandira Airtel Money kapena MTN MoMo. Ngati ndi vidiyo, ikhale yaifupi, katundu aoneke pamasekondi oyambirira, ndipo mawu ofunika alembedwe pavidiyopo chifukwa ambiri amaonera osatsegula mawu.

Yankhani msanga. Munthu amene walemba ali pa nkhomaliro mukamuyankha mawa, wagula kale kwina kapena mtima wogula wamuchokera. Ngati simungathe kugwira foni tsiku lonse, patsani wina ntchito imeneyi, ndipo mumuphunzitse kulonjera mwaulemu asanatchule mtengo.

Chenjerani ndi zinthu ziwiri. Mukangoyamba kutsatsa mudzalandira mauthenga onena kuti akuchokera ku Meta, kuti peji yanu itsekedwa mukapanda kudina linki. Ndi akuba amene akufuna mawu anu achinsinsi. Akalowa amalanda peji n'kutsatsa zawo ndi khadi lanu. Tsegulani chitetezo chofuna nambala yachiwiri polowa, ndipo ngati mwalemba mnyamata wokuthandizani, musamupatse mawu achinsinsi. Muwonjezereni pa peji ndi mphamvu zochepa zomwe mungamuchotsere tsiku lililonse. Chachiwiri, wogula akakutumizirani chithunzi chosonyeza kuti walipira, yang'anani balansi yanu nokha katundu asanakwere basi.

Ngati mwasankha Google

Potsegula akaunti, Google idzakukankhirani ku mtundu wa kampeni umene imayendetsa yokha ndi kufalitsa chilengezo chanu paliponse, pa YouTube ndi pa mawebusaiti ena. Ndi bajeti yaing'ono, kanani. Sankhani kampeni ya Search yokha, ndipo chotsani chizindikiro pa Display Network, yomwe imaika zilengezo pa mawebusaiti ena, kuti ndalama zipite kwa anthu okhawo amene alemba zomwe mukugulitsa.

Yambani ndi mawu osakira ochepa, 10 kapena 15, onse osonyeza munthu wofuna kugula. "Accommodation in Chipata" ndi abwino kwa loji. "Chipata" pawokha ndi dzenje, chifukwa amene akufuna nyengo, nkhani kapena mbiri ya Fort Jameson, dzina lakale la mzindawu, onse adzadina. Mawu mukawaika pakati pa zizindikiro zogwira mawu, Google imatsata tanthauzo lake mosatalikira kwambiri. Mukawasiya okha imawatambasula mmene ikufunira. Onjezani mawu oletsa, amene munthu akawalemba chilengezo chanu chisatuluke: jobs, vacancies, free, ndi ena otere. Ofuna ntchito ndi ambiri, ndipo loji imene sinaletse mawu amenewa imalipirira kudina kwawo.

Pa zosankha za dera pali kamzere kamene ambiri amakadumpha. Google ingaonetse chilengezo kwa anthu amene ali m'deralo okha, kapena kuphatikizapo amene ali kwina koma asonyeza chidwi ndi deralo. Wokonza magalimoto asankhe amene alipo. Wa loji ndi wobwereketsa galimoto akufuna gulu lachiwirilo, ndipo angachite bwino kutchulanso Lusaka, Copperbelt ndi Lilongwe mwachindunji.

Munthu akadina afike pa tsamba lotseguka msanga pafoni, lokhala ndi mtengo, zithunzi, nambala ndi batani la WhatsApp pamwamba. Ikaninso nambala ya foni pa chilengezo penipeni kuti wofulumira aimbe osalowa pa webusaiti. Kamodzi pasabata tsegulani lipoti la Search terms. Limaonetsa mawu enieni amene anthu analemba asanadine. Opanda pake aikeni pa oletsa, abwino amene simunawaganize awonjezeni. Ntchito ya mphindi zochepa imeneyi ndiyo imapulumutsa ndalama kwambiri pa Google.

Tsatani nyengo ya ndalama ya chigawo chino

Kuno ndalama zimayenda ndi zokolola. Kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Seputembala alimi akugulitsa soya, nshawa, thonje, fodya ndi chimanga, ndipo ndi nthawi yomwe malata, simenti, njinga, masola ndi mipando zimayenda. Okutobala mpaka Disembala maganizo ali pa mbewu ndi feteleza. Januwale ndi wa mayunifolomu, nsapato ndi makope. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale m'matumba mumakhala mouma, ndipo kutsatsa sofa panthawiyo kumabweretsa ofunsa ambiri ndi ogula ochepa. Kwa aphunzitsi, anamwino ndi ena a boma, masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi ndiwo ofunika, ndiye yatsani chilengezo masiku angapo asanalandire.

A malo ogona ali ndi kalendala yawo. Nc'wala imachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa Ogasiti, ndipo obwera kumiyambo imeneyi amasaka kogona masabata angapo m'mbuyo. Alendo a ku South Luangwa amachuluka m'chilimwe, koma ambiri amakonza ulendo miyezi isanakwane, choncho musadikire Julayi kuti muyambe.

Yesani chimodzi, werengani, kenaka ganizani

Musagawe kandalama kochepa pawiri. Sankhani njira imodzi malinga ndi zomwe kope ndi Keyword Planner zakuuzani, ikani ndalama zofanana tsiku lililonse, ndipo ilekeni iyende masabata awiri kapena atatu osaigwiragwira. Makina a Meta makamaka amafuna masiku kuti aphunzire amene amayankha, ndipo mukasintha kwambiri chithunzi, dera kapena bajeti amayambiranso kuphunzira. Chimene mungachite ndi kuyika zithunzi ziwiri zosiyana pachiyambi kuti muone chokoka anthu.

M'kope jambulani mizere isanu: tsiku, ndalama zomwe zapita, amene afunsa, amene agula ndi phindu lake. Pa WhatsApp Business gwiritsani ntchito malebulo kusiyanitsa wobwera ndi chilengezo ndi kasitomala wakale. Ena adzaona chilengezo n'kubwera ndi miyendo osalemba uthenga, ndiye funso lija lakuti mwatidziwa bwanji lipitirire pakauntala.

Masabatawo akatha, gawani ndalama zonse zomwe mwalipira ndi chiwerengero cha ogula, muyerekeze ndi malire a pachikuto. Ngati wogula mmodzi akukudyerani zochepera theka la phindu, onjezani bajeti pang'onopang'ono, osati kuiwirikiza tsiku limodzi. Ngati ofunsa ndi ambiri koma ogula palibe, musathamangire kusintha njira. Werenganinso mauthengawo muone pamene anthu akusiyira, kaya ndi pa mtengo, pa zotumizira, kapena pa kuchedwa kwanu kuyankha. Ngati pa Google chilengezo chikuoneka kwa anthu ochepa kwambiri ngakhale mawu ali bwino, osaka kulibe: chizimitseni, siyani Google Business Profile ipitirize yaulere, ndipo mwezi wotsatira yesani Facebook ndi ndalama zomwezo ndi kope lomwelo.